Agogo Sanagwe pa Lichero

Kunali kusanache bwino, tsiku Lachitatu m'mwezi wa Juni, pamene mnyamata wina wa kwaya anagogoda pakhomo pathu ku Zóbuè ali wefuwefu. "Abusa, fulumirani," anatero, "kumunsi kwa msika agwira mfiti, ndipo anthu atola kale miyala." Tinangoponya jekete paphewa n'kumutsata. Titafika tinapeza khamu la anthu litazinga nkhokwe ya banja lina. Patsinde pa nkhokweyo panali mayi wokalamba kwambiri, ali mbulanda, akunjenjemera ndi chisanu cha kuphiri, atafumbata kambale kopanda kanthu. Tinawazindikira nthawi yomweyo. Anali mayi wa mumpingo mwathu, mmodzi wa aja amene analowa Chigwirizano ambiri a ife tisanabadwe.

Anthu anali kunena kuti agogowo agwa pa lichero pochokera kotamba. Bambo wina anawafunsa mokalipa kuti, "Kodi si inu munadya mwana wa pakhomo pano chaka chatha?" Iwo anamuyang'ana, namwetulira, nati, "Eya, mwana wanga, eya." Khamu linafuula kuti aulula okha. Koma ife titagwada pafupi n'kuwafunsa kumene amapita, anatigwira dzanja nati, "Ndikupita pa mzere wa ufa. Khadi langa mwaika kuti? Tikachedwa ana agona ndi njala." Mzere umene amanenawo unatha zaka zoposa 30 zapitazo. Unali wa kumsasa wa othawa nkhondo, kutsidya kwa malire m'boma la Mwanza, kumene ambiri a kuno tinabisala kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Thupi lawo linali ku Zóbuè, koma mutu wawo unali utabwerera kumsasa.

Mkazi wa mkulu wa mpingo wina anamasula chitenje chake chapamwamba nawafunditsa, amayi anzake naima mowazungulira. Pang'onopang'ono anthu anataya miyala n'kumabalalika.

Tiyenera kuvomereza kulakwa kwathu. Miyezi ingapo m'mbuyomo nkhani ya mayi ameneyu inali itafika kale pa msonkhano wa akulu a mpingo. Anali kuneneza mkamwini wawo kuti akuwabera ndalama, anali kuikira chakudya amuna awo amene anamwalira kalekale, ndipo tsiku lina anathira mchere m'tiyi wa alendo. Akulu ena anapempha kuti ayambe aimitsidwa pa Mgonero kufikira zinthu zitadziwika. Ife sitinavomere, komanso sitinakane. Tinati tidzakambanso. Palibe mmodzi wa ife amene anatchula za chipatala. Kuzengereza kwathuko kukanawaphetsa.

Titapita nawo kuchipatala anapezeka ndi kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, ndipo wachipatala anatifotokozera kuti ubongo wawo unali kudwala. Zimene tinaphunzira kuyambira tsiku limenelo tikufuna kugawana nanu, abale ndi alongo, pakuti palibe mpingo wopanda nkhalamba, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ubongo umakalamba monga ziwalo zina

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi magalamu 1,400, ndipo muli timaselo ta mitsempha pafupifupi mabiliyoni 86 totumizirana mauthenga usana ndi usiku. Kunja kwake kuli khungwa lamakwinyamakwinya, mmene mumachitika kuganiza, kuyankhula ndi kuzindikira zimene tikuona. M'kati muli ulusi woyera wolumikiza mbali zosiyanasiyana, ndipo pakatikati pali timapanga todzaza madzi. Cha m'kati, kufupi ndi khutu lililonse, muli kachiwalo kopindika kamene madokotala amakatcha hippocampus. Kameneka tingakafanizire ndi mlembi wa mpingo. Ntchito yake ndi kulemba zochitika za lero m'buku. Mabuku akale odzaza amakasungidwa kwina, m'khungwa muja.

Munthu akapitirira zaka 40 ubongo umayamba kuchepa pang'onopang'ono, pafupifupi magawo 5 mwa 100 pa zaka 10 zilizonse, ndipo akapitirira zaka 70 kuchepako kumafulumira. Khungwa limapyapyala, makamaka mbali ya pamphumi imene imatithandiza kukonza za mawa ndi kudziletsa. Timapanga ta madzi tija timakula. Izi zimachitikira aliyense, mbusa ndi mfumu yomwe, monga imvi ndi makwinya.

Koma pa ukalamba wabwinobwino timaselo tambiri sitifa ayi. Timangochedwa kutumizirana mauthenga. N'chifukwa chake agogo amaiwala dzina la mdzukulu m'mawa n'kulikumbukira masana, kapena kufunafuna pamene anaika khasu. Amadziwabe kuti khasu ndi lolimira, amadziwa njira ya kumunda, ndipo pa mlandu ndiwo amadula mawu. Chuma cha mawu ndi nzeru zotola m'moyo sizichepa ndi zaka. Makolo athu sananame pamene anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Choncho kuiwala kumene kumalepheretsa munthu kudzisamala si ukalamba chabe. Ndi matenda.

Pamene kuiwala kwasanduka matenda

Achipatala amawatcha dementia, ndipo pa Chipwitikizi amati demência. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2021 panali anthu 57 miliyoni odwala matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'maiko osalemera monga athu ano. Si matenda a azungu. Kale analipo pakati pathu, koma tinali kuwatcha maina ena.

Mtundu wofala kwambiri, umene umagwira odwala 60 kufikira 70 mwa 100, umadziwika ndi dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer. Mu 1901, pa chipatala cha mumzinda wa Frankfurt, iye analandira mayi wa zaka 51, Auguste Deter, amene anali kuiwala, kusokera m'nyumba mwake momwe, ndi kukayikira mwamuna wake popanda chifukwa. Mayiyo atamwalira mu 1906, Alzheimer anaunika ubongo wake pa makina okuza zinthu. Anapeza khungwa litafota, timibulu ta zinyalala titaunjikana pakati pa timaselo, ndiponso ulusi wopiringizana m'kati mwa timaselo takufa. Lero tikudziwa kuti zinyalalazi zimayamba kuunjikana zaka 10 kapena 20 munthu asanaonetse chizindikiro chilichonse, ndipo malo oyamba kuwonongeka ndi a mlembi uja. Mlembi akadwala, za lero sizilembedwa, koma mabuku akale amakhalapobe. Ichi ndicho chifukwa chake agogo athu aja sanali kudziwa ngati adya m'mawa, koma mzere wa ufa wa kumsasa anali kuukumbukira bwino lomwe.

Mtundu wachiwiri umachokera m'mitsempha ya magazi. Magazi akamathamanga kwambiri zaka zambiri, timitsempha ta muubongo timauma, tina timatsekeka, ndipo kagawo kamene kamadyetsedwa ndi kamtsempha kameneko kamafa. Nthawi zina munthu amafa ziwalo moonekera. Nthawi zambiri zimachitika mwakachetechete, kagawo lero, kagawo chaka chamawa. Mtundu umenewu uyenera kutidetsa nkhawa kuno kwathu. Kafukufuku wa m'dziko lonse la Mozambique wa mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti anthu pafupifupi 39 mwa 100 a zaka 25 kufikira 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sanali kudziwa n'komwe.

Palinso mitundu ina iwiri yoyenera kuidziwa. Wina umatchedwa ndi dzina la dokotala Lewy: wodwala amaona anthu, ana kapena tinyama m'nyumba mopanda kanthu, amayenda mouma thupi, ndipo lero amakhala bwino, mawa osokonezeka. Wina umayambira pamphumi ndi m'mbali, kawirikawiri munthu ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 65, ndipo umayamba ndi kusintha khalidwe, osati kuiwala. Munthu waulemu amayamba kutukwana, kutenga zinthu pamsika osalipira, kapena kuchita zopanda manyazi. Mkhristu wotere timathamangira kumuika pa chilango, osadziwa kuti mbali ya ubongo imene imagwira chingwe cha kudziletsa ndiyo yafota.

Amayenderanji usiku, ndipo amavomereranji?

Zizindikiro zimene m'midzi mwathu timazitenga ngati umboni wa ufiti zili ndi zifukwa zake. Muubongo muli kachiwalo kamene kamauza thupi kuti kwacha kapena kwada. Kakawonongeka, munthu amadzuka pakati pa usiku n'kuganiza kuti yakwana nthawi yopita kumunda. Atatuluka mumdima sazindikiranso njira, ndipo kumamuchera ali pakhomo pa eni. Zovala amavula chifukwa zanyowa, zamuthina, kapena waiwala kavalidwe kake. Ndalama amazibisa yekha pansi pa mphasa, n'kuiwala, ndipo pozisowa mutu umamuuza kuti wina waba. Woyandikana naye kwambiri, amene amamusamala, ndiye amanenezedwa.

Kusamuka kumaonjezera vutoli. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme kuti migodi ya malasha ya ku Moatize ikule, ndipo ena ambiri alowa m'tauni kutsata ana awo ogwira ntchito. Achinyamata amaphunzira njira zatsopano m'sabata imodzi, koma munthu amene mlembi wake wadwala sangathe kusunga njira yatsopano. Abale a mpingo wa ku Moatize anatisimbira za bambo wina wokalamba amene anagwira ntchito m'migodi ya pansi m'masiku a Carbomoc. Katatu anamupeza m'bandakucha pamsewu waukulu, atavala nsapato zosiyana, akuti wachedwa kuntchito.

Nanga kuvomera kuja? Munthu wodwala chotere akazingidwa ndi khamu laukali samva funso bwinobwino. Amaona nkhope zokwiya, ndipo ulemu umene anaphunzira ali mwana umamuuza kuti ayankhe kuti eya. Komanso ubongo wodwala umadzaza mipata ndi nkhani zimene unamva moyo wonse, kotero kuti gogo angathe kusimba za maulendo a usiku iye mwini akukhulupirira kuti zinachitikadi. Mawu otere si kuulula. Ndi chizindikiro cha matenda, monga kubwebweta kwa mwana wa malungo.

Matenda ena osiyana: schizophrenia

Pali matenda enanso amene anthu amawasokoneza ndi oyambawa, ndipo onse timangowaphatikiza pa dzina la misala. Amatchedwa schizophrenia, dzina limene dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, anawapatsa mu 1908. Amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300. Wodwala amamva mawu a anthu amene palibe, amakhulupirira zolimba zinthu zimene sizili choncho, ndipo ena amadzipatula n'kusiya kudzisamala. Kawirikawiri amayamba munthu ali mnyamata kapena mtsikana, kufikira zaka za m'ma 30.

Madokotala akale, monga Emil Kraepelin, anayesa kuti ameneŵa ndi matenda a kuiwala obwera msanga. Mu 1976 Eve Johnstone ndi anzake ku London anajambula ubongo wa odwala ndi makina, napeza kuti mwa ambiri timapanga ta madzi tija tinali tokula kuposa mwa anthu ena a msinkhu womwewo. Umenewu unali umboni woti matendawa ali m'thupi. Komabe kusiyana kulipo: mu schizophrenia simupezeka mulu wa zinyalala zija za Alzheimer, ndipo timaselo sitifa mwaunyinji. Chimene chimasokonekera ndi kalumikizidwe ka timaselo ndi timadzi totumizira mauthenga, makamaka tina totchedwa dopamine. N'chifukwa chake mankhwala amathandiza kwambiri pa matenda amenewa.

Pakati pa okalamba athu pali magulu awiri. Loyamba ndi la amene anadwala ali achinyamata nakalamba nawo matendawa. Ambiri mwa iwo mawu aja amachepa mphamvu akamakula, koma thupi limafooka msanga, shuga ndi matenda a mtima zimawapeza, ndipo amagwidwa ndi dementia kawirikawiri kuposa anzawo. Makolo amene anali kuwasamala akamwalira, amatsala opanda mwini. Kodi mumpingo mwanu mukudziwa amene akuwatengera mankhwala?

Gulu lachiwiri ndi la amene amayamba kudwala atapitirira zaka 40, ena atapitirira 60. Ambiri amakhala amayi, okhala okha, ndipo kawirikawiri makutu awo samva bwino. Mayi wotere amadziwa tsiku, amaphika, amawerenga chenji pamsika osalakwa. Koma amanena motsimikiza kuti usiku oyandikana nawo amalowa kudzera m'khoma, amamuthira utsi kapena mankhwala kudzera padenga, ndipo amawamva akumunena.

Apa tichenjere kwambiri, abale. Dementia imachititsa kuti gogo anenezedwe ufiti. Schizophrenia ya muukalamba imachititsa kuti gogo aneneze ena. Popeza amayankhula zomveka pa nkhani zina zonse, ndipo ndi Mkhristu wakale wopemphera, timafulumira kunena kuti waonetsedwa. Tinaona mabanja awiri a mumpingo umodzi atasiya kupatsana moto chifukwa cha mawu a mayi wamasiye amene anali kudwala chotere. Atayamba kulandira mankhwala mawu aja anazilala, koma chidani chinatenga zaka kuti chithe. Tisaseke wodwalayo, tisamukalipire, komanso tisatenge mawu a matenda ake n'kumangira mlandu munthu wosalakwa.

Kusokonezeka kwina kumachizika

Si gogo aliyense wosokonezeka mutu amene ali ndi matenda osatha. Dementia imabwera pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Koma munthu amene anali bwinobwino Lamulungu n'kuyamba kubwebweta Lachitatu, ameneyo athamangitsidwe kuchipatala tsiku lomwelo. Kawirikawiri amakhala malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena shuga wokwera kapena wotsika. Nkhalamba ikagwa n'kumenyetsa mutu, magazi angathe kuundana pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza, ndipo kusokonezeka kumaoneka patapita masabata. Kachilombo ka HIV kosalandirira mankhwala, chindoko chakale, vuto la chithokomiro, kachasu wa zaka zambiri, ngakhale chisoni chachikulu cha umasiye, zonsezi zingathe kuoneka ngati dementia, ndipo zili ndi chithandizo.

Ife a m'malire muno tili ndi chitsanzo chathuchathu. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali kum'mwera kwa Malawi anadwala pelagra, mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, anthu n'kumadalira chimanga chokha. Pelagra imasupula khungu pamene pamaomba dzuwa, imatsegula m'mimba, ndipo ikakula imasokoneza mutu. Mankhwala ake ndi mavitamini ndi chakudya chakasinthasintha. Gogo amene akukhala yekha, akudya nsima ya ufa woyera ndi masamba okha, angathe kudwala matenda omwewa lero.

Choncho njira yoyamba ndi ya kuchipatala chapafupi. Kuyambira mu 1996 dziko la Mozambique lakhala likuphunzitsa anthu otchedwa técnicos de psiquiatria, amene amaona odwala matenda a maganizo m'zipatala za m'maboma, ndipo zikavuta amatumiza wodwala ku Hospital Provincial de Tete. Abale a kutsidya amayambira pa chipatala cha boma la Mwanza, ndipo chipatala chawo chachikulu cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Tinene zoona: matenda a Alzheimer alibe mankhwala ochiziratu, ndipo amene akulonjezani kuti awachotsa mukamupatsa mbuzi kapena ndalama akukudyerani masuku pamutu. Komanso musapatse gogo mapiritsi a munthu wina kuti agone. Mankhwala a schizophrenia amaperekedwa pang'ono kwambiri kwa okalamba, ndipo kwa wodwala mtundu wa Lewy uja angathe kumuumitsa thupi koopsa.

Mawu a Mulungu akutiuza chiyani?

Baibulo silibisa kufooka kwa ukalamba. Isake anakalamba mpaka kulephera kusiyanitsa ana ake awiri, monga tiwerenga pa Genesis 27. Barizilai, pa 2 Samueli 19, anakana kupita ndi Davide ku Yerusalemu chifukwa pa zaka 80 sanali kumvanso kukoma kwa chakudya kapena mawu a oimba, ndipo mfumu sinamunyoze. Inampsompsona ndi kumdalitsa. Mlaliki 12 akufanizira thupi lokalamba ndi nyumba imene ikugwa pang'onopang'ono. Palibe pamene Malemba akunena kuti kufooka kotere ndi chizindikiro cha kukhwima. Levitiko 19:32 akumangiriza pamodzi kulemekeza aimvi ndi kuopa Mulungu, ndipo pa Genesis 9 amene anadalitsidwa ndi Semu ndi Yafeti, amene anafunditsa atate awo, osati uja anakalengeza panja.

Ena amatsegula Eksodo 22:18 kuti adzilungamitse. Sitikukana kuti Mulungu amadana ndi zanyanga. Koma chilamulo chomwecho, pa Deuteronomo 19, chikuletsa kutsutsa munthu popanda mboni ziwiri kapena zitatu, chikulamula oweruza kufufuza mosamala, ndipo chikuika chilango pa mboni yonama. Kodi mawu a munthu amene sakudziwa kuti lero ndi liti angakhale umboni? Kodi maloto ndi mphekesera ndi mboni? Tisaiwale zimene zinachitika pafupi nafe pompa, m'boma la Neno, mu Januwale 2016, pamene nkhalamba zinayi zinaphedwa tsiku limodzi mphezi itapha mtsikana. Nawonso maboma aika malamulo: ku Mozambique kuli lamulo nambala 3 la mu 2014 loteteza ufulu wa okalamba, ndipo ku Malawi lamulo la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma Mkhristu sayenera kudikira wapolisi kuti amukumbutse lamulo lachisanu, lachisanu ndi chimodzi ndi lachisanu ndi chinayi.

Tichitenji monga mpingo?

Choyamba, mkulu wa mpingo aliyense adziwe nkhalamba za m'dera lake: amene akukhala yekha, amene wayamba kusokera, ndi amene akumusamala. Adziwitse mfumu kapena mlembi wa bairro ndi oyandikana nawo kuti agogo akuti akudwala, kotero kuti akapezeka usiku abwezedwe kwawo mwaulemu. Kansalu kolembedwa dzina ndi mudzi, kosokedwa pa malaya, kapulumutsa ambiri.

Chachiwiri, nkhani ya wokalamba amene wasintha khalidwe ikafika pa msonkhano wa akulu, funso loyamba likhale lakuti: kodi wapita kuchipatala? Chilango cha mpingo ndi cha wochimwa mwadala, osati cha wodwala.

Chachitatu, tiphunzire kuyankhula nawo. Tiwafikire kutsogolo, titchule dzina lathu, tinene chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Akafunsa za amuna awo amene anamwalira, kuwauza mobwerezabwereza kuti anafa n'kuwaliritsa maliro atsopano tsiku ndi tsiku. Ndi bwino kuwapempha kuti atisimbire za iwo. Akati mwaba, musakangane nawo; funani nawo limodzi. Apatseni ntchito imene manja awo akuidziwabe, monga kusenda mtedza kapena kutong'ola chimanga. Kanyale kakhale koyaka usiku, ndipo moto, mipeni ndi mankhwala a mbewu zikhale patali. Kuwamanga ndi chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba okha ndi nkhanza.

Chachinayi, tisamale wosamala. Kawirikawiri ndi mwana wamkazi mmodzi kapena mdzukulu amene sagona, satha kupita kumunda, ndipo pamwamba pake amatukwanidwa ndi mayi ake omubala. Mutu umodzi susenza denga. Amayi a Chigwirizano agawane masiku okakhala ndi wodwala, achinyamata atunge madzi ndi kutola nkhuni, atumiki athandize banjalo kukalembetsa ku INAS kuti lilandire thandizo la boma la okalamba. Ana amene ali ku Tete, ku Beira kapena ku Joni akumbuke kuti kutumiza ndalama sikulowa m'malo mwa kubwera. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Chachisanu, pemphero ndi mankhwala si adani. Amene akumwa mankhwala a schizophrenia asauzidwe kuti awataye pofuna kuonetsa chikhulupiriro, pakuti matenda amabwerera mwamphamvu.

Chachisanu ndi chimodzi, ife a zaka za m'ma 40 ndi 50 tidzisamale lero. Mu 2024 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linatchula zinthu 14 zimene, zitapewedwa, pafupifupi 45 mwa 100 a odwala dementia akanapulumuka kapena kuchedwa kudwala. Zina mwa izo ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, kuledzera, kuvulala m'mutu, kusamva ndi kusaona kosalandirira chithandizo, mpweya woipa, kukhala wekha ndi kusaphunzira. Tikayezetse magazi, tichepetse mchere, tivale chisoti pa njinga yamoto, tipite nawo agogo akachotse ng'ala, ndipo ana athu, aakazi ndi aamuna omwe, akhale pasukulu.

Amene saiwala

Agogo athu aja anakhala nafe zaka zina ziwiri. Msonkhano wa akulu unagwirizana kuti sadzaimitsidwa pa Mgonero, ndipo bambo uja amene anawafunsa mokalipa pankhokwe anabwera yekha kudzapepesa kwa mwana wawo. M'miyezi yomaliza sanali kuzindikiranso mwana wawoyo. Anali kumutcha achemwali. Koma tikapita ndi Mgonero kunyumba kwawo, amayi n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku, milomo yawo inali kutsata ndime zonse osaphonya. Achipatala amati nyimbo zimene munthu anaphunzira kale zimasungidwa m'mbali za ubongo zimene zimachedwa kuwonongeka. Ife tinali kungothokoza.

Tsiku lina mwana wawo anatiperekeza mpaka kumsewu natifunsa misozi ili m'maso kuti, "Abusa, nanga akadzaiwala ndi Yesu yemwe, adzapulumuka?" Tinamukumbutsa Yesaya 46:4, pamene Yehova akulonjeza kunyamula anthu ake kufikira imvi, ndi Yesaya 49:15, pamene akunena kuti ngakhale mayi ataiwala mwana wake woyamwa, Iye sadzaiwala ake. Tinamukumbutsanso wachifwamba uja wa pamtanda, amene pempho lake lonse linali lakuti Ambuye amukumbukire. Chipulumutso chathu sichinamangidwe pa kukumbukira kwathu, koma pa kukumbukira kwa Mulungu.

Pa maliro awo kunabwera anthu ambiri, ena mwa iwo omwe aja anatola miyala. Sabata ino, mbale ndi mlongo, ganizirani za nkhalamba imodzi ya m'mudzi mwanu imene anthu ayamba kuinong'ona. Pitani mukaione, mukalankhule ndi abale ake za kuchipatala, ndipo mukamva phokoso m'bandakucha, thamangani mutatenga chitenje.

Ambuye adalitse okalamba athu ndi onse owasamala.